Mtsuko wa M'thumba la Madeya

Foni inalira Ravshan ali pamsana pa munthu. Munthuyo anali Davron, dalaivala wa malole opita kumzinda waukulu wa Tashkent, bambo wamimba amene Lachiwiri lililonse ankalowa atapindika ngati chikwakwa n'kutuluka akuyenda ngati mkwati. Ravshan anamugoneka cham'mbali, namupinda bondo, natsamiza chigongono pachiuno pake.

"Kokani mpweya. Tulutsani. Tulutsani wonse, musasungeko wa mawa."

Khotcho!

"Eyaa! Imeneyo ndiye ndimabwerera," anabuula Davron nkhope ili m'pilo. "Adokotala, mkazi wanga akuti mumuphunzitse, azindithyola yekha kunyumba."

"Akakuthyolani yekha simubweranso kuno. Mupita kuja sabwerako."

"Ndiye zimene akufunatu zimenezo!"

Foni inaliranso. Ravshan atasuzumira anaona dzina la Mohira, mlongo wake wamkulu, ndipo kuseka kunamuthera. Awiriwa ankalankhulana pa Idi basi, ndiponso mwachidule, zofunsana za ana.

"Ravshan, bwera. Ababa agwa pa makwerero."

"Amenyetsa mutu?"

"Dzanja lamanja. Lathyoka."

"Mwadziwa bwanji kuti lathyoka, achemwali? Mwakajambulitsa?"

Mohira anati, "Bwera, adokotala. Akuti sakwera galimoto ya munthu aliyense, ndipo palibe awakhudze kupatula iwe."

Chipinda chogwiriramo ntchito cha Ravshan m'tauni ya Kokand chinali chaukhondo, cha mabedi awiri, msana wapulasitiki utaimikidwa pakona, mapepala atatu a sukulu ali m'mafelemu pakhoma. Mapepalawo anawakhetsera thukuta, zimenezo palibe angatsutse. Anakhala zaka zinayi ku Tashkent, masana akusisita anthu m'nyumba yosambiramo, madzulo ali m'kalasi. Ndipo anthu ankapezadi bwino akachoka pabedi lake. Koma anali ndi lamulo limodzi limene odwala onse ankalidziwa: fupa lothyoka sankalikhudza. Munthu akalowa atanyamula mkono, Ravshan ankamuperekeza mpaka pamsewu n'kumulozera ku chipatala cha boma. Ena ankadabwa, amvekere, mwana wa Usta Tursunali, katswiri wolunzanitsa mafupa uja, kuopa fupa? Iye ankayankha kuti malamulo a masiku ano salola. Zinali zoona, kungoti chifukwa chake sichinali chimenecho.

Anatseka chipinda, nalowa m'galimoto, nalunjika njira ya kwawo ku Rishton. Thonje linali litatha kukololedwa, minda ili mbee, ndipo msewu unali wosadzaza moti panalibe chomulepheretsa kuganiza.

Kubanja kwawo ntchito yolunzanitsa mafupa inkayenda m'manja, osati m'mabuku. A Tursunali anailandira kwa amayi awo, amayiwo kwa amalume awo, ndipo sinkayang'ana kuti uyu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Inkatenga munthu mmodzi pa m'badwo, ndipo chosankhira chinali thumba. Mphunzitsi, amene ankamutcha usta, ankaika mtsuko wadothi m'thumba lodzaza madeya a tirigu, n'kumanga pakamwa pake ndi mfundo yodziwa yekha, kenako n'kumenya kamodzi ndi mpini. Wophunzira ankapatsidwa masiku asanu ndi awiri kuti abwezere mapale onse m'malo mwake pongopapasa kunja kwa thumba, osamasula, osaona. Madeya ndiwo mnofu, mapale ndiwo mafupa. Amene mtsuko wake wapezeka utaima ankalandira fotiha, dalitso la mphunzitsi, pamaso pa akuluakulu. Winayo sankaloledwanso kugwira fupa la munthu moyo wake wonse, chifukwa amati manja opanda fotiha amalemaza.

Chaka chimenecho Ravshan anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Mohira akumuposa ndi ziwiri. Matumba anali ofanana, ochokera kuchigayo chimodzi. La Mohira linkakhala m'mphako ya kumanzere ya khoma la chipinda cha alendo, la Ravshan m'mphako ya kumanja. Ravshan analimbana nalo masiku asanu ndi limodzi mpaka zala kuchita dzanzi, koma zinali ngati akufufuza miyala m'matope: akagwira phale ili, linzake lathawa. Mohira ankangokhala nalo kanthawi akatha ntchito za pakhomo, maso atatsinzina, lilime lili pakati pa mano.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri linali Lachisanu. Masana bambo awo ali kumzikiti, Mohira ndi amayi ali kuseri akuphika buledi, Ravshan analowa yekha m'chipinda muja. Sanalowe ndi cholinga chakuba. Mpaka lero amaumirira zimenezo, ndipo mwina n'zoona. Anangofuna kudziwa pamene mlongo wake wafika. Ataika dzanja pa thumba la kumanzere anamva mimba ya mtsuko, yozungulira bwinobwino, khosi lake, ngakhale chogwirira. Zala zake zomwe zija zosamva kanthu zinamva zimenezo. Analinyamula ngati mbale ya mkaka yodzaza mpaka m'milomo, naliika kumanja, lake naliika kumanzere.

Madzulo ake, akuluakulu khumi a kumzikiti atakhala m'mbali mwa khoma, a Tursunali anayamba kumasula la kumanzere. Munali mapale okhaokha. "Palibe kanthu, mwana wanga," anatero kwa Mohira, "Mulungu wakusungira zina." Atamasula la kumanja anayamba kuchotsa madeya ndi supuni pang'onopang'ono, ndipo mtsuko unatulukira utaima, ming'alu yokha ikuoneka ngati mitsempha. Bambo aja analira misozi. Anapha nkhosa, anaphika mpunga wa karoti m'chimphika chachikulu, mudzi wonse unadya, ndipo mbale anatsuka ndi Mohira. Sananene kanthu. Ravshan anadziuza kuti mlongo wakeyo ayenera kuti ankaganiza kuti mtsuko wake unagumuka wokha pounyamula, ndipo anadziuza zimenezo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Anatsatira bambo ake zaka ziwiri, kugwira zigongono, kusakaniza mazira, ndipo akapatsidwa mwendo kuti anene chimene wamva ankawerenga yankho pankhope ya bambo akewo. Atatopa ndi mantha ananena kuti akufuna kukawonjezera nzeru ku Tashkent. Akuluakulu amati mlandu suola. Iye anali ataukwirira pansi pa mapepala atatu, ndipo lero unali kumudikira pamkono wa bambo ake.

Atalowa pachipata anapeza mphesa zitatsitsidwa theka pa thandala lake, makwerero ali gone pansi, lumo lodulira lili potero. A Tursunali anali pa kama wamatabwa wa pabwalo, atatsamira mapilo, mkono uli pa pilo wina atauphimba ndi nsalu yonyowa. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu, ndipo ng'ala inali itatseka maso onse awiri moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mthunzi.

"Nsapato za m'tauni zimenezo," anatero. "Wafika woliza misana?"

"Asalamu aleikumu, ababa. Ndine. Koma pamwamba apo mumakafuna chiyani, maso mulibe?"

"Mphesa sizifuna maso. Chisanu chili pakhomo, ndani akanazitsitsa kuti tizikwirire m'dothi zingafe nacho? Mwamuna wa mlongo wakoyu ali ku Russia, iwe uli kuliza misana ya madalaivala. Ndikanatuma mphaka?"

"Galimoto ili panja. Tiyeni akakujambuleni kaye, sitichedwa."

"Kuti akandimange chikhakha munthu woti ndinamulunzanitsa mwendo ali ndi mamina m'mphuno? Theka la anthu a dera lino akuyendera mafupa amene ndinagwira ine. Ndikalowe pakhomo paja atandigwiriza, chonsecho ndili ndi mwana amene ndinamupatsa fotiha ndi manja angawa? Khala apa. Vula wotchi yako, ikundilira m'khutu."

Ravshan anakhala, navula wotchi, nachotsa nsalu ija. Dzanja linali litakhota pamfundo ngati msana wa foloko, lotupa, lakuda chobiriwira. Anapaka zala mafuta a mchira wa nkhosa amene anali m'kambale pambali, naziika pamenepo. Anamva kutentha. Anamva magazi akugunda. Maina a mafupa onse a m'menemo ankawadziwa m'Chilatini, ndipo akanatha kuwajambula papepala atatsinzina. Koma kuti chidutswa chalowera kuti, chapita patali bwanji, chapendekera mbali iti, zala zake zinali duu, monga zinalili masiku asanu ndi limodzi aja.

"Wamva chiyani?"

"Kwatupa kwambiri, ababa."

"Zimenezo ngakhale nkhuku yaona. Pansi pa kutupako?"

"Ndikakonze kaye mazira ndi timatabwa."

A Tursunali anaseka ngakhale milomo inali itauma ndi ululu. "Ukadali ndi kakhalidwe kako kosayankha msanga. Agogo ako analinso choncho. Ankati wolunzanitsa wolongolola ndi wabodza. Pita."

Mohira anali m'khumbi la kuseri, pafupi ndi tandir, uvuni wake wadothi umene ankaphikiramo buledi wokagulitsa kumsika. Timatabwa ta msondodzi anali atatipala kale, tinayi, ndipo anali kupatula chikasu cha mazira m'mbale. Mikono yake kuyambira m'zala mpaka m'zigongono inali mawangamawanga a zipsera, zakale ndi zatsopano, chifukwa buledi wa mu tandir amamumata ndi dzanja kukhoma lamoto. Sanadzutse mutu.

"Achemwali, tiyeni tiwanyengerere apite kuchipatala."

"Ndawanyengerera kuyambira m'mawa. Akuti ndikatchulanso akwera padenga akadumphe, lithyoke ndi linzakelo."

"Ine popanda chithunzi sindingathe."

"Fupa ndi limodzi, lalikululo, la mbali ya chala chachikulu. Lathyoka chopingasa, zala ziwiri kuchokera pamfundo. Chidutswa cha kumunsi chakwera kumsana kwa dzanja, chapendekera pang'ono kunja. Laling'onolo lili bwino, langobenthuka kansonga."

Ananena zimenezi akupakasa mazira ndi foloko, ngati akunena mtengo wa anyezi.

"Munawagwira?"

"Ndinawadzutsa pansi paja. Ndikanawadzutsa ndi mano?"

Ravshan anaima pakhomo pa khumbi akuyang'ana nkhuni. Mawu amene ankafuna kunena anali oipa, ankadziwa, koma ena analibe.

"Ndikudziwa kuti ababa anena kuti inu mukoke zala, monga amachitira wothandiza. Ine ndigwira mkono cha pafupi ndi pothyokapo. Manja akhala anayi pamalo amodzi. Zala zanu zazikulu zikangokwera pang'ono... Saona, achemwali. Sadziwa."

Mohira anaika foloko pansi, namuyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Ndiye kuti thumba langa liikidwenso kumanja."

Ravshan anakhala pa mulu wa nkhuni.

"Munkadziwa."

"Ndinadziwa ababa asanakhudze mfundo. Masiku asanu ndi awiri ndikuligwira, ndingalisokoneze ndi lina? Langa linali ndi pathupi. Lija la kumanzere linali lofota ngati tsaya la nkhalamba."

"Bwanji simunanene?"

"Pamaso pa ndevu khumi za kumzikiti? Ndiime ndinene kuti mwana wamwamuna yekhayo wa Usta ndi mbala? Amayi akanafa tsiku lomwelo. Ndinati ndimusiye, anena yekha mawa. Mawa litafika ndinati anena nyama ya nkhosa ikatha. Kenako ndinakwatiwa."

"Achemwali, ine..."

"Usayambe, mazira auma. Tenga timatabwato. Ndikuchitira ababa, osati iwe."

Atabwerera pabwalo a Tursunali anayamba kulamula ngati mkono ndi wa munthu wina. "Mohira, iwe gwira zala, ukoke mowongoka, osagwedeza. Si mtanda wa buledi uwu. Ravshan, usandimvere chisoni. Ndikakuwa, ndikuwe."

Mohira anapaka manja ake mafuta ambiri, mpaka kukhakhala kwa zipsera kutabisika. Anagwira chala chachikulu cha bambo ake ndi dzanja limodzi, zala zinazo ndi linalo. Ravshan anazinga mkono ndi manja onse awiri cha kumtunda kwa pothyokapo, nakokera kwake. Anakoka nthawi yaitali, mosasiya, mpaka mnofu unayamba kugonja. Nkhalamba ija inali kutchula dzina la Mulungu m'mano, thukuta likutsikira m'ndevu. Ravshan atadzutsa maso anaona mlongo wake atatsinzina, lilime lili pakati pa mano. Dzanja limodzi la Mohira linatsetsereka m'mafuta muja, chala chachikulu chinakwera, chinaima, chinabwerera pang'ono ngati chikufunsa njira, kenako chinakanikiza, ndipo nthawi yomweyo anaweramitsa dzanja lonse la bambo ake pansi.

Sipanamveke khotcho. Ravshan, amene ankadya za phokoso la mafupa, sanamve kanthu ndi makutu. Anangomva m'zikhato mwake kanthu kakukhala pamalo pake, ngati chitseko chotsekedwa bwino m'chipinda china cha nyumba. Atayang'ana, msana wa foloko uja unali utachoka. Dzanja linali lowongoka.

Kumanga Ravshan ankakudziwa. Anaviika nsalu m'mazira osakaniza ndi ufa, nakulunga, naika timatabwa, nakulunganso, Mohira akumulozera ndi chibwano pofunika kumangitsa ndi pofunika kulekerera. A Tursunali anapuma kwa kanthawi, mutu uli pa pilo. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, napapasa pamwamba pa nsalu kuyambira kuchigongono mpaka kunsonga za zala, nagwedeza chala chimodzichimodzi.

"Mwamva inu? Silinalire," anatero. "Fupa likabwerera kwawo sililira, limangousa moyo. Zoliza zija n'za makutu a makasitomala." Anapapasanso pamfundo. "Dzanja la amayi anga lenileni. Kamodzi kokha, osabwereza. Zaka zonsezi anthu akhala akundiseka kuseri, akuti Tursunali anadalitsa wosisita anthu. Ine ndinkati dikirani, mtsuko sunama. Lero nditafa, ndifa wokhuta."

Mazira anali kuuma m'zala za Ravshan.

"Iwe Mohira unakoka ngati ukuzula ng'ombe m'matope. Koma palibe kanthu, si mlandu wako, aliyense ndi mphatso yake. Buledi wako ndi wabwino. Kapange tiyi, mlongo wako watopa."

"Chabwino, ababa."

Mohira anaimirira akupukuta manja pa diresi. Sanakwiye, sanamuyang'ane n'komwe Ravshan. Ananena monga munthu amene wakhala akunena mawu amenewa tsiku ndi tsiku mpaka anasalala ngati mwala wa mumtsinje. Chikhala kuti anamuyang'ana mwaukali, mwina Ravshan akanakhala chete, n'kumwa tiyi, n'kubwerera ku Kokand dzuwa lisanalowe.

"Ababa, si ine."

"Si iwe chiyani?"

"Ravshan, tseka pakamwa," anatero Mohira.

"Chala chimene chakankha fupa n'cha achemwali. Ine ndangogwira mkono. Sindinamve kanthu pamene munandifunsa paja, ndipo sindinayambe ndamvapo. Ndi chifukwa chake sindigwira mafupa othyoka. Mtsuko uja unali wawo. Ndinasintha matumba inu muli kumzikiti. La mapale lija linali langa."

Mavu anali kuzungulira pa mphesa zotsalira zimene zinaphwanyika pansi. A Tursunali sanagwedezeke. Maso awo oyera aja anali kuloza kuthambo. Anakhala choncho nthawi yaitali moti Ravshan anaganiza kuti mwina sanamve, kapena amva koma akana.

"Mohira. Bwera kuno. Ndipatse dzanja."

Mohira anazengereza, kenako anagwada pambali pa kama. Bambo ake anatenga dzanja lake ndi lamanzere lawo, nayamba kulipapasa monga ankapapasira odwala: chikhato, mfundo iliyonse, chala chachikulu, zipsera chimodzichimodzi mpaka kuchigongono, n'kubwereranso kuzala.

"Chaka chija mwana wa anansi athu a Zulfiya anaguluka chigongono ine ndili kumaliro, iwe unachibwezera. Ndinati unachita mwayi. Ndinakumenya ndi chiyani?"

"Ndinaiwala, ababa."

"Sunaiwale. Kathabwa ka msondodzi. Pa zala izi, pamaso pa azimayi, kuti onse aone kuti manja opanda fotiha sindiwalekerera ngakhale akhale a mwana wanga." Anatembenuzira nkhope kumene kunali Ravshan. "Unali kuti iwe?"

"Ndinali pomwepo."

"Unali pomwepo."

"Eya, ababa."

"Unandigwiritsa ndodo kuti ndimenye dzanja la amayi anga, iwe uli chiimire."

Ravshan ankayembekeza kuti akadzanena, tsiku lililonse limene adzanene, chifuwa chidzamasuka. M'malo mwake anaona nkhope ya bambo ake ikugwa pang'onopang'ono, ndipo anazindikira kuti mlandu umene unali wa munthu mmodzi tsopano wagwira awiri.

Mohira anachotsa dzanja lake, natembenukira kwa iye. Sanakweze mawu.

"Wapepukidwa tsopano, adokotala? Katundu wamusenza zaka zonsezi, wasankha lero kumutula pa nkhalamba ya dzanja lothyoka. Anakupempha ndani? Ine ndinali nditazolowera. Ndikanapanga tiyi, iwo akanagona okondwa, iwe ukanapita kukaliza misana yako. Ukanati unene, ukananena ndili ndi zaka makumi awiri, manja asanapse. Lero ndichite nazo chiyani?"

"Sindikudziwa, achemwali."

"Sukudziwa. Kumeneko ndiye wanena zoona kawiri tsiku limodzi."

"Lekani," anatero a Tursunali. "Mohira, gwada bwino, uyang'ane kuno. Akuluakulu aja anatha kufa, ndatsala ndekha, ndiye palibe woti timudikire. Mulungu ndiye mboni."

Anatambasula dzanja lamanzere, chikhato chili m'mwamba, nayamba kudzutsa lamanja pa pilo kuti alitembenuze lifanane ndi linzake. Nkhope yawo inakwinyika. Asanalikweze n'komwe Mohira anali atagwira chigongono n'kulibwezera pansi.

"Musayerekeze! Ndangolibwezera kumene. Mukalitembenuza chidutswa chija chithawanso, ndipo kachiwiri sichibwerera mwaulemu chonchi. Dzanja ili silitembenuka masiku makumi anayi."

"Fotiha ya dzanja limodzi si fotiha, mwana iwe. Amapereka ndi awiri."

"Ndiye idikire. Kudikira ikukudziwa."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu. Masiku makumi anayi kwa ine ndi ulendo."

"Mukamvera mufika. Msuzi wa mafupa m'mawa ndi madzulo. Zala muzizigwedeza, dzanja ayi. Lachisanu ndidzamasula ndione ngati kutupa kwatsika, ndidzamangenso. Makwerero aja ndikuwaza lero lomwe, alowe mu tandir."

"Makwerero a bambo anga amenewo."

"Akaphike buledi."

Nkhalamba ija inakhala kanthawi dzanja lamanzere lili m'mwamba lokha, kenako inalitsitsa pang'onopang'ono n'kuliika pachifuwa. Munthu amene moyo wake wonse ankalamula odwala, amene m'mawa womwewo anakana chipatala, galimoto ndi ana ake, anagwedeza mutu.

"Ndamva, usta."

Mohira anatembenuka msanga n'kuyamba kusonkhanitsa mbale ndi zidutswa za nsalu, ngakhale panalibe zambiri zosonkhanitsa.

Ravshan anadikira mpaka mlongo wake atapita kuseri. Anasendera pafupi ndi kama.

"Nanga yanga ija, ababa? Ichotseni. Nenani mawu alionse oyenera, muichotse."

"Fotiha sabweza. Si khasu lobwereka. Ndinaipereka ndi mtima wonse, Mulungu anamva, anthu anati amina. Imalemera?"

"Imalemera."

"Yenda nayo."

Sananene mwaukali, ndipo Ravshan akanakonda akanatero. Anafuna kunena zina, zoti anali mwana, zoti sanalemazepo munthu, zoti odwala ake amachira, koma zonsezo zinali zoona zosathandiza aliyense pabwalopo.

Mohira anabwera ndi mpango wake wakumutu, wautali, wamaluwa ofiira, akuupinda pakati kuti akolekere mkono m'khosi mwa bambo awo. Anaima, nayeza ndi maso, naona kuti yekha sangathe kudzutsa nkhalamba, kuchirikiza mkono ndi kumanga mfundo nthawi imodzi.

"Iwe, bwera mbali iyi. Gwira chigongono apa. Usakoke, usakankhe, usayese kuganiza. Ungogwira."

Ravshan anagwira. Mkono wa bambo ake unali wopepuka ngati bango, wotentha, ukununkha mazira ndi mafuta a nkhosa. Mohira anapititsa mpango pansi pake, nauzunguliza kukhosi, ndipo a Tursunali anaweramitsa mutu kuti mwana wawo amange bwino, akumufunsa chapansipansi kuti kansonga kobenthuka kaja anakamva bwanji m'kutupa konse kuja, ndi chala chiti, kuchokera mbali iti. Mohira ankayankha mwachidule, bambo ake n'kufunsanso. Anakambirana choncho mpaka mfundo itamangidwa ndi kupitirira, ndipo panalibe amene anakumbukira kumuuza Ravshan kuti asiye.